Mmene Ndinakanira Komiki ya Taonga

Khalani pansi, ana inu. Dalitso, foniyo ika m'thumba, siithawa. Chisomo, sendera kuno kumthunzi, dzuwa la Okutobala si mnzako. Kuyambira dzulo mwakhala mukundizungulira ngati nkhuku zoona madeya, mukufuna kudziwa chimene tinayambanirana ndi mkulu wanu Taonga chaka chatha. Ndamva kuti ena kwanu ku Silverest akuti ndinang'amba buku lake. Limenelo ndi bodza. Ine Lazaro Banda sindinang'ambepo buku chibadwire. Sukulu ndinalekezera giredi faifi kwathu ku Katete, koma pepala ndimalilemekeza. Ngakhale nyuzipepala yokulungira tinsomba ta kapenta ndinkaiwongola pabondo n'kuiwerenga yonse, mafuta ali noninoni, ambuya anu Esinati akundiseka kuti tsiku lina ndidzadya pepala n'kusiya ndiwo.

Buku la Taonga ndinalikana ndi pakamwa, ndipo panapita miyezi iwiri asanapondenso pakhomo pano.

Linali Loweruka m'mawa. Ndinali kukhoma mpini wa khasu pansi pa mtengo womwewu pamene ndinamuona akubwera, fumbi mpaka m'mawondo, atakumbatira envulopu yaikulu pachifuwa. Mukudziwa kuti Taonga, mwana woyamba wa Petulo wanga, akuphunzira zauphunzitsi ku Chalimbana, ndipo kujambula anayamba ali wamng'ono kuposa iwe Chisomo. Ankatidetsera makoma ndi makala.

“Agogo, nabweretsa komiki yanga,” anatero. “Najambula neka, na mawu nalemba neka mu Chinyanja. Nifuna mukhale oyamba kuwerenga, muniuze mwamene mwaionera.”

Chinyanja chanu cha m'tauni chija, cha nifuna nifuna. Ndinamufunsa kuti komiki n'chiyani. Anati ndi nkhani ya zithunzi, anthu ake amalankhula m'timabaluni totuluka pakamwa. Ndinasamba m'manja, ndinavala magalasi, ndinayamba.

Masamba oyamba anandikoma, sindinama. Munali kamtsikana dzina lake Nthanda, kamene kanapanga makina opita ku masiku akale. Makinawo ankaoneka ngati chigayo cha dizilo, koma okhala ndi mpando ndi chiwongolero. Ukapotoza kamuvi, dzuwa limayamba kubwerera kum'mawa, nyumba za malata zimasanduka za udzu, mitengo imene inadulidwa kalekale imaimiriranso. Tsamba la mitengolo ndinaliyang'ana nthawi yaitali. Mwana uja anajambula misuku ili ndandanda mmene inalili pamene ndinkafika kuno.

Paja ine kuno ndinabwera pa lole, ana inu. Inu mukachoka ku Katete m'mawa, madzulo muli kale ku Chongwe, mukudandaula kuti basi inalibe pochajira foni. Ife tinakhala pamwamba pa matumba a mtedza masiku atatu, ine ndi Esinati, tangokwatirana kumene. Katundu wathu anali mphasa, makasu awiri, njinga yopanda mabuleki, ndi mtsuko umodzi umene amayi ake anam'patsa. Pa mapiri a ku Luangwa lole inkalira ngati ng'ombe yobereka, amuna tonse n'kutsika kumakankha, wina akuthamanga pambuyo ndi mwala woika kutayala. Tinadya chinangwa chootcha ndi madzi a m'chigubu. Titafika kuno ku Nkomeshya, eni dziko, anthu a mtundu wa Chisoli, anatilozera tchire, nati limani. Ndiye nditaona misuku ija papepala, ndinati mwana uyu dzanja ali nalo.

Kenako ndinatsegula tsamba lotsatira.

Nthanda anali atapotoza kamuvi mpaka chaka cha njala, chija tinadya chimanga chachikasu. Makina anatera pakati pa mudzi, ndipo mudziwo unali uno, ndi phiri lake lomwe. Anthu anali atagona pansi mbwee, nthiti pamtunda, ntchentche m'maso. Panalibe wogwira khasu, panalibe wosenza mtsuko. Kenako kamtsikana kakutsitsa matumba a ufa ochokera ku masiku ano, anthu onse n'kugwada, manja m'mwamba. Patsogolo pa ogwadawo panali mayi wovala chitenje cha madontho, mpata kumano. Ndinam'dziwa pomwepo. Taonga anatengera nkhopeyo pa chithunzi chimene chili pakhoma m'nyumbamu. Anali Esinati. M'kabaluni kake munalembedwa kuti, “Tipulumutse, mwana wa kutsogolo.”

Ambuya anu anatisiya Taonga ali wakhanda, inu enanu simunawaone n'komwe. Mkazi ameneyo ankagwada m'tchalitchi, ankagwadira alendo popereka madzi. Koma kugwadira njala, ayi.

Ndinawerenga mpaka kumapeto chifukwa buku sulisiyira panjira. Ndinavula magalasi. Taonga anali akundiyang'ana, kumwetulira kuli kale pakamwa.

“Agogo, shani? Yawama?”

Ndinati, “Mdzukulu wanga, zithunzi n'zokongola, koma buku ili n'labodza.”

“Ah, agogo, ni nkhani chabe. Makina ya so kulibe, aliyense aziwa.”

“Za makina sindikukana. Ukanafuna ukanajambula makina opita kumwezi, ndikanakwera nawo. Bodza lili pa anthu. Watipanga ife ngati ana a mbalame oyasamula kukamwa kudikira mayi. Ndani anakuuza kuti tinagona pansi? Ndipo ambuya ako wawagwaditsa pamaso pa kamwana ka mathirauzi. Chotsa nkhope imeneyo.”

“Nenzofuna kubalemekeza,” anatero. “Nenzofuna bapezekemo.”

Apa m'pamene ndinalakwa. Ndikanaima pomwepo. Koma pakamwa pa nkhalamba pakatseguka pamakhala ngati khola lopanda chitseko. Ndinati, “Anthu a m'tauni mumaganiza kuti nzeru zinabwera ndi magetsi. Usadzajambulenso zinthu zimene sukuzidziwa.”

Anatola mapepala ake mmodzimmodzi, anawabwezera mu envulopu, anagwada n'kutsazika mwaulemu wonse. Mbatata zimene ndinam'phikira anazisiya.

Sabata zinapita. Petulo anandiimbira foni. “Atate, mwamuchita chiyani mwana? Waleka kujambula. Mapensulo wapatsa ang'ono ake.” Ndinayankha mwaukali kuti ndinanena zoona. Iye anati, “Mwina n'zoona. Koma nanga zoonazo munamuuzapo? Ine ndemwe ndinalipo, ndinali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, koma za chaka chija simunandiuzepo kanthu. Mukafunsidwa mumangoti kunali njala, basi.”

Mwanayo ankanena zoona. Zaka zonsezi nkhani ya chaka chija ndinaitsekera, ndipo chifukwa chake ndinkachidziwa ndekha. Munali manyazi anga mmenemo.

Lachiwiri lina ndinalowa m'nyumba, ndinatulutsa mtsuko uja wa pa lole, ndinaukulunga m'chitenje. Ndinayenda mpaka pamsewu, ndinakwera minibasi. Kondakitala anafuna kuuponya kumbuyo pamodzi ndi matumba a malasha, makala ophikira aja. Ndinati, “Mwana wanga, uwu ukhala pamiyendo panga. Ngati malo palibe, ponya ine kumbuyoko.” Basi yonse inaseka, mayi wina anandisendera.

Ku Silverest ndimasokera, ana inu. Kumene mukukhala uko ine ndinkadutsako ndi njinga, matumba atatu a malasha kumbuyo, ndikupita ku Lusaka. Kunali udzu ndi ng'ombe za m'mafamu. Lero mipanda yokhayokha, mageti ofanana, agalu okuwa osaoneka. Ndinagogoda nyumba ziwiri zolakwika ndisanapeze ya Petulo.

Taonga ananditsegulira. Anandipatsa moni wa mlendo, wouma. Ndinakhala pakhonde, ndinamasula chitenje, ndinaika mtsuko pakati pathu.

“Ukuona pobenthuka apa pakhosi?” ndinam'funsa. “Ndinabenthula ndine. Khala pansi ndikuuze.”

Ndipo zimene ndinamuuza ndi izi, mverani nanunso.

Chaka chimenecho mvula inayamba bwino, chimanga chinafika m'chiuno, kenako kumwamba kunatseka. Chimanga chinapsa chili chiimire, ukachigwira chimalira ngati pepala. Pofika nyengo yotentha nkhokwe zonse zinali mbee. Chimanga chachikasu chachithandizo chinabwera, inde, ndipo chinathandiza, sindingakane. Koma sichinkafika sabata iliyonse, ndipo pakamwa panali pambiri. Tinadya gaga. Tinaphika mango aawisi. Ife amuna tinkakumba mchenga mumtsinje wouma mpaka dzenje kutimeza, kuti tipeze madzi a chidebe chimodzi. Ena tinkapalasa njinga kupita ku Lusaka m'mimba muli madzi okha. Azimayi ankalawirira kumapiri. Azimayi a Chisoli ndiwo ankadziwa busala, timizu tija takutchire, ndipo anaphunzitsa akazi athu kuzindikira kamtengo kake kowonda ngati ulusi, ndi kusiyanitsa ndi mizu ina yakupha. Esinati anaphunzira msanga mpaka anayamba kutsogolera gulu. Ankapita ndi chikumbiro chosongola, n'kubwera dzuwa litapendeka, manja ali magazi. Munthu wogona pansi analipo, koma anali wodwala, ndipo anzake ankam'senza.

Anthu ambiri anadya mbewu yawo. Musawaweruze, njala ilibe mawa. Koma Esinati anali ndi mapira mumtsuko uwu, mtundu wa kwa amayi ake, ofiira, ocha msanga. Anawasakaniza ndi phulusa kuti anankafumbwe asalowe, anamata pakamwa ndi dothi, anaubisa m'nkhokwe pansi pa udzu. Anandiuza kuti, “Atate ake Petulo, umu mulibe chakudya. Muli munda.”

Tsiku lina masana, Esinati ali kumapiri, Petulo analira mpaka mawu anatha. Ankangotsegula pakamwa, osatuluka kanthu. Ndinam'yang'ana, ndinayang'ana nkhokwe. Ndinakwera, ndinatsitsa mtsuko, ndinauika pabwalo. Dothi la pakamwa linali litauma ngati mwala. Ndinatola mpini wa khasu. Ndinamenya kamodzi, khosi linabenthuka. Ndikukweza kachiwiri, ndinamva dengu likugwa kumbuyo kwanga. Esinati anathamanga, anadzigwetsa pamtsuko, anaukumbatira ndi thupi lonse.

“Menyani ine,” anatero.

Ndinati, “Choka, mkazi iwe! Mwana akufa!”

“Safa. Ndabwera ndi busala, ndim'phikira tsopano lino. Mukaswa uwu tidya sabata imodzi. Nanga mvula ikagwa tidzabzala chiyani, phulusa?”

Anthu anali atatuluka m'nyumba zawo, akuonerera. Ine chiimire, mpini uli m'mwamba, mkazi wanga ali pansi panga. Sindinam'menye, Mulungu ndi mboni, koma aliyense woona akanati ndatsala pang'ono. Ndinaponya mpini, ndinapita kumtsinje kukakhala m'dzenje lathu la madzi mpaka dzuwa kulowa, kuopa maso a anthu.

Petulo anadya busala, sanafe. Ndi uja lero ali ndi mimba ngati ng'oma. Mvula yoyamba itagwa, Esinati anaswa yekha dothi lija ndi mpeni. Sanabzale yekha. Anaima pakhomo ndi kapu yachitsulo, nyumba iliyonse kapu imodzi, a Chisoli, a kum'mawa, a mpingo wathu ndi a mipingo ina. Mbewu ya mapira ndi yaing'ono, kapu imodzi imadzaza kamunda. Mbewu yachithandizo inafika mochedwa, misewu itaonongeka ndi matope, koma ife tinali titapalira kale. Miyezi itatu itapita, mudzi uno unali wofiira. Ana ankakhala pa nsanja kuingitsa mbalame ndi zitini, akazi akupera pamphero, nyimbo zinabwerera pamtondo. Ndinadya phala loyamba la mapira amenewo ndikulira, ndipo Esinati sanandikumbutsepo za mpini mpaka tsiku limene anatsikira kumanda.

Nditamaliza, Taonga anasisita pobenthuka paja ndi chala chake. Kenako anandiyang'ana m'maso, zimene mwana wa masiku athu sakanachita.

“Agogo, nizajambulanso. Koma nizajambula vonse. Na imwe na mpini wanu.”

Ndinati, “Ine ungondisiya. Jambula ambuya ako.”

“Iyayi. Munakamba ati buku yanga ni yaboza. Nikakuchotsani, izankhala yaboza futi.”

Mwaona? Msampha ndinatcha ndekha, n'kukodwamo ndekha. Ndinaseka mpaka kutsokomola. Ndinati jambula.

Tchuthi chitafika anabwera kudzakhala kuno sabata zitatu. Ndinam'pereka kwa Amake Jelita, mayi wa Chisoli amene ankapita kumapiri ndi Esinati, tsopano akuyenda ndi ndodo. Anam'tengera kuphiri, anam'patsa chikumbiro. Taonga anabwera madzulo matuza ali m'manja monse, m'dengu muli timizu tisanu. Amake Jelita anaseka nati, “Uyu chaka chija tikanamuika m'manda woyamba.” Anaphunzira kupera pamphero, ufa wambiri unathera pansi, nkhuku zinanenepa. Ankandifunsa zinthu zimene ine ndinali nditaiwala kuti ndimazidziwa: nkhokwe inkamangidwa ndi luzi lanji, nkhata ya pamutu ankaipinda bwanji, njinga yanga inali ndi belu kapena ayi. Inalibe. Ndinkaimba mluzu.

Buku lachiwiri analibweretsa mvula itayamba. Tsopano mverani maganizo anga, poti ndine woliwerenga woyamba.

Makina alimo, ndipo ndi okongola kuposa kale. Koma ulendo uno akutera pamwala n'kuthyoka, ndipo matumba a ufa atsala ku masiku ano chifukwa makinawo sanyamula katundu. Nthanda akufika m'chaka cha njala chimanjamanja, nsapato zake zoyera, osadziwa kusenza madzi, osadziwa muzu wodya ndi wakupha. Wanjala ndi iyeyo. Amene akum'tola panjira ndi mayi wa chitenje cha madontho, ataimirira, dengu pamutu, chikumbiro m'manja. M'kabaluni kake akuti, “Ndiwe mwana wa yani? Dzuka, kuno sitigona masana.” Amenewo ndiwo mawu a Esinati enieni, ngakhale Taonga sanawamvepo. Ndinawerenga kabaluni kameneko katatu.

Tsamba la mpini lilimo. Kamtsikana kakuthamanga kuti kakalanditse mtsuko, koma kakupeza mayi uja wafika kale, kopanda chochita, kangoima n'kumaonerera ngati wina aliyense. Pamenepo ndinati mwana uyu wamva. Kumapeto bambo wa mpini uja ndi amene akukonza makina ndi tcheni cha njinga yake. Zimenezo sizinachitike, Taonga anangondimvera chisoni, koma ndinazilandira. Nthanda akubwerera kwawo ndi mapira odzaza dzanja, omangidwa pansonga ya chitenje. Chimene sindinagwirizane nacho mpaka lero n'chakuti makina aakulu chotero akuyenda opanda dizilo. Ndinam'funsa, akuti amayendera dzuwa. Ndinangomusiya, wophunzira ndi iye.

Akatekisiti athu atamva, anapempha kuti bukulo liwerengedwe pabwalo la tchalitchi Misa ikatha. Ine ndinafuna kudwala tsiku limenelo, koma thupi linakana. Taonga anakulitsa masamba pa makina a ku Chongwe, Petulo akuwakweza m'mwamba limodzilimodzi, iye akuwerenga mokweza. Anthu anadzaza mpaka ena kukwera pa njerwa. Pa tsamba la misuku nkhalamba zinayamba kuloza, uyu akuti mtengo uwo unali kuseri kwa nyumba yanga, uyo akuti ayi unali wathu. Esinati ataonekera ndi dengu lake, azimayi a zaka zathu anaimba nthungululu, wina anafuula dzina lake.

Kenako Petulo anakweza tsamba lija. Bambo wowonda, maso ali psuu, mpini m'mwamba. Mwana wina anafunsa mokweza kuti, “Amama, uja ni ndani?” Ndinaona mitu ikutembenuka pang'onopang'ono. Ndinagwira ndodo yanga, ndinaimirira.

Ndinati, “Ndine. Musavutike kufunsana. Ndine Lazaro, ndipo zinachitika momwemo.”

Wina anayamba kuseka, kenako onse, ine ndemwe. Manyazi amene ndinawasenza zaka zonse zija anatsika pamenepo, pamaso pa mpingo wonse, ndipo sanalemere ngati mmene ndinkaopera.

Kuseka kusanathe, Amake Jelita anadzuka ndi ndodo yawo. Anadikira mpaka anthu atakhala chete.

“Kapu ija ine ndinalandira,” anatero. “Mapira amenewo sindinawataye. Ali kumunda kwanga lero lino, afika m'mawondo. Amene muli nawo mtundu wa Esinati, imani tikuoneni.”

Anaima bambo wina kumbuyo. Anaima mayi wa kutsidya kwa mtsinje. Anaima ana a anthu amene anamwalira kale, oti mbewuyo anaipeza m'nyumba osadziwa kumene inachokera, akufunsa amayi awo, amayi akugwedeza mutu kuti inde, ima. Anthu anapitiriza kuimirira mbali zonse za bwalo. Ine sindinkadziwa, ana inu. Ndinkaganiza kuti mapira aja anatha ndi chimanga cha feteleza. Petulo anatsitsa tsamba, anaphimba nkhope ndi chipewa, bambo wamkulu wa galimoto yake akulira ngati tsiku lija.

Taonga anadutsa pakati pa anthu, anafika pamene ndinaima, anagwada.

“Agogo, manje muniuze pamenso pa bantu. Buku ili bwanji?”

Ndinavala magalasi, ndinatenga tsamba la mpini m'manja mwa Petulo, ndinaliyang'anitsitsa mmene amachitira aphunzitsi. Bwalo lonse linatchera khutu.

Ndinati, “Makutu anga wawakulitsa. Zina zonse n'zoona.”